Kalata ya atachimenti isamangolunjika ku Lilongwe

Tchuthi chikayandikira, ana a ku koleji amandifunsa komwe angakaphunzire ntchito, ija amati atachimenti. Onse maso ali ku Lilongwe, ngati kuti kuno ku Madisi kulibe mwana wofuna kuphunzitsidwa.

Ine ndimawauza kuti ayambire pafupi. M'boma lathu lomweli la Dowa muli msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, womwe unatsegulidwa mu 1994, ndipo bungwe la Jesuit Refugee Service limayendetsa sukulu kumeneko. Wophunzira zauphunzitsi akaima ndi choko m'manja kutsogolo kwa ana olankhula Chiswahili, ena Chifalansa, ena Chirundi, tsiku lomwelo amazindikira kuti manotsi a ku koleji sakwanira. Amayamba kuphunzitsa ndi manja, ndi nyimbo, ndi zitsekerero za mabotolo.

Njira yake si yovuta. Tengani kalata ya ku koleji, mukaonane ndi mlangizi wa masukulu, a PEA, ku TDC. Ngati mtima uli pa achinyamata, pitani ku ofesi ya zachinyamata ku boma, komwe amadziwa makalabu ndi mabungwe amene akugwiradi ntchito m'midzi. Musasokoneze atachimenti ndi pulogalamu ya boma yophunzirira ntchito imene inayamba mu 2018. Imeneyo ndi ya omaliza kale maphunziro.

Koma za ndalama funsiranitu, musachite manyazi. Mabungwe ambiri ang'onoang'ono sapereka ngakhale ya kabaza, ndipo malo ogona mumadzipezera nokha. Pochoka, musatuluke pakhomo opanda kalata ya umboni yodindidwa sitampa.