NKHAWA YOPITIRIRA MUYEZO: KODI UPHUNGU UNGATHANDIZE BWANJI?

Palibe munthu amene sadera nkhawa. Mlimi amada nkhawa mvula ikachedwa, ndipo mwana wa Folomu 4 amada nkhawa mayeso a MSCE akayandikira. Nkhawa yotere ndi yachibadwa, ndipo imatithandiza kukonzekera. Koma ilipo nkhawa ina imene siitha ngakhale vuto litadutsa. Imeneyi ndi matenda, ndipo chithandizo chake chilipo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa. Mwa iwowa, 58 miliyoni anali ana ndi achinyamata.

KODI CHIMACHITIKA N'CHIYANI M'THUPI?

Munthu akaona njoka m'njira, ubongo umatumiza uthenga ndipo thupi limatulutsa madzi ena otchedwa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umathamanga, minofu imakungika. Zonsezi n'zofuna kuti munthuyo athe kuthawa. Kwa munthu wodwala nkhawa, thupi limachita zomwezi pamene palibe njoka iliyonse. Zili ngati galu wolondera amene auwa usiku wonse pamene pakhomo palibe mbala.

Zizindikiro zake ndi monga izi:

1. Kuganiza kwambiri za zoipa zimene zingachitike, kwa miyezi yambiri.
2. Kusowa tulo, kutopa msanga ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono.
3. Kuthamanga kwa mtima, kutuluka thukuta, kunjenjemera kapena kubanika.
4. Kupewa anthu, sukulu, msika kapena ntchito chifukwa cha mantha.

Achinyamata kawirikawiri sanena kuti “ndili ndi nkhawa”. Amadandaula mutu kapena m'mimba m'mawa wopita ku sukulu, amayamba kujomba, ndipo amalephera maphunziro amene kale ankakhoza. Makolo ambiri amayesa ulesi kapena mwano, n'kutenga mkwapulo. Ena amaganiza za ufiti, n'kutaya mbuzi ndi ndalama.

KODI UPHUNGU N'CHIYANI?

Uphungu ndi kukambirana mwachinsinsi pakati pa munthu wovutika ndi munthu amene anaphunzira ntchito yothandiza anthu pa za m'maganizo. Umasiyana ndi malangizo a ankhoswe kapena a anamkungwi, pakuti phungu salamula ndipo saweruza. Iye amamvetsera, amafunsa mafunso, ndi kuphunzitsa munthuyo luso loti azidzithandiza yekha.

Njira imene yafufuzidwa kwambiri imatchedwa CBT. Anaiyambitsa ndi dokotala wa ku America, Aaron Beck, m'zaka za m'ma 1960. Mfundo yake ndi yakuti maganizo athu, mmene tikumvera mumtima ndi zochita zathu zimakokana ngati mikanda ya pa ulusi umodzi. Chomwecho tikasintha kaganizidwe ndi kachitidwe, mantha nawonso amachepa.

KODI PHUNGU AMATHANDIZA MOTANI?

Poyamba, amathandiza munthu kuyesa maganizo ake. Tiyerekeze mtsikana amene akuti, “Ndikayankha funso m'kalasi onse andiseka.” Phungu angamufunse kuti: Kodi zimenezi zinachitikapo kangati? Nanga mnzako akalakwitsa, iwe umakumbukira masiku angati? Mtsikanayo amayamba kuona kuti ganizo lake lija ndi mantha chabe, ndipo umboni wake ndi wochepa.

Chachiwiri, amamuphunzitsa kukhazika thupi pansi. Kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya ndi mphuno ndi kuutulutsa mosafulumira, kumachepetsa kuthamanga kwa mtima.

Chachitatu, amamuthandiza kuyang'anizana ndi chimene akuchiopa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akathawa chinthu chimene amachiopa, mtima umakhala pansi kwa kanthawi, koma ubongo umaphunzira kuti kuthawako ndiko kwamupulumutsa. Mawa mantha amabwera okulirapo. Tsono phungu amakonza masitepe. Mtsikana uja ayambe wawerenga mokweza ali yekha, kenaka pamaso pa amayi ake, kenaka pa kagulu ka anzake atatu, mpaka m'kalasi. Paja akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Uphungu wotere umatenga masabata kapena miyezi ingapo, ndipo pamakhala ntchito yokachita kunyumba. Amene amayeserera zimene waphunzira ndiye amapindula.

CHITSANZO CHA KU ZIMBABWE

Mwina wina anganene kuti izi n'za azungu. Tiyeni tione zimene anachita anansi athu. M'chaka cha 2006, dokotala wa matenda a m'maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare, mumzinda wa Harare. Madokotala a ntchitoyi anali ochepa kwambiri, choncho anaphunzitsa agogo aakazi a m'deralo. Agogowa amakhala pa benchi panja pa chipatala ndi kukambirana ndi munthu wovutika kokwana ka 6. Amamuthandiza kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza yekha njira yolithetsera.

Zotsatira za kafukufuku wa ntchitoyi zinatuluka mu 2016. Patapita miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pa benchi, pafupifupi 12 okha ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za nkhawa. Mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse, anali 48 pa 100. Phunziro lake n'lakuti munthu wamba, akaphunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa, angathe kuthandiza mnzake.

NANGA IFE TICHITEPO CHIYANI?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati nkhawa ikukulepheretsani kugona, kuphunzira kapena kugwira ntchito, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Kumeneko adzayamba aona ngati vuto silikuchokera ku matenda ena, monga a chithokomiro kapena kuchepa kwa magazi. M'zipatala za m'maboma muli anamwino a za matenda a m'maganizo. Palinso chipatala cha Zomba Mental, ndi cha Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Anthu ena amafunikanso mankhwala pamodzi ndi uphungu. Mankhwalawa alembedwe ndi dokotala, osati ogula pamsika. Mowa ndi chamba zimaiwalitsa kwa maola ochepa, koma pambuyo pake nkhawa imakula.

Inu makolo, mwana akakuuzani kuti ali ndi mantha, khalani naye pansi mumumvetsere musanamudzudzule. Kupita kwa phungu si misala, ndiponso sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndipo munthu akayamba kulankhula zodzipha, musamusiye yekha. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi kwathu kuno anthu amati chiyani akaona munthu woganiza kwambiri?
2. N'chiyani chimalepheretsa abambo ndi anyamata kunena mavuto awo?
3. Ndani m'dera lathu amene angaphunzitsidwe kumvetsera ena ndi kusunga chinsinsi?