KABUKU KAMENE KABWEZA KATUNDU WOBEDWA

Kuyambira mwezi wa June kufikira October, m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa mumalowa ndalama zambiri kupambana nyengo ina iriyonse ya caka. Cimanga cimapita ku misika ya Food Reserve Agency ndi kwa amalonda ena, thonje limatengedwa ndi makampani, ndipo nshawa, soya ndi mpendadzuwa zimakwera pa sikelo m'mbali mwa miseu. Mabanja amene anawerama ndi khasu kuyambira mvula yoyamba amaona tsopano phindu la thukuta lao. Wina agula njinga, wina malata, wina sola ndi batire, wina makina osokera kapena ng'ombe ziwiri zapagoli.

Akawalala naonso aidziwa bwino nyengo imeneyi, ndipo usiku umodzi wokha akhoza kukolola zimene banja lasonkhanitsa caka cathunthu. Comvetsa cisoni koposa ndi cakuti nthawi zina apolisi amagwira mbala pamodzi ndi katundu, koma mwini wake alephera kumtenga kaamba kosowa umboni. Pa polisi pakhoza kuima njinga zisanu zakuda zofanana. Mlimi woberedwa aloza imodzi nanena kuti ndi yake, koma wogwidwa uja aumirira kuti anaigula yekha pa msika. Wapolisi akafunsa nambala ya njingayo, mlimi angoyang'ana pansi. Cimene cikanamthandiza pa nthawi imeneyo ndi kabuku ka mtengo wocepa, konga kamene ana alembamo ku sukulu.

KAWALALA SACOKERA KUTALI

Asanafike pa nkhani ya kabuku, mwininyumba ayenera kudziwa m'mene mbala icitira nchito yake. Kawirikawiri munthu wothyola nyumba ya kumudzi sabwera mongoyerekeza. Iye adziwa kale kuti eni ake agulitsa matumba angati, kuti wailesi ikhala pa cipinda citi, ndi kuti pakhomo pakhala popanda munthu tsiku liti. Zimenezi amazimva pa mowa, pa cigayo kapena pa mjigo, ndipo nthawi zina amene amuuza ndi munthu wa pabanja pomwepo. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Milandu yambiri yakuba imafera m'nyumba cifukwa woba ndi mphwa kapena mlamu.

Masiku amene mudzi ukhala pululu ndiwo masiku a mbala. Pa maliro anthu onse amakagona kusiwa. Pa tsiku la mapemphero nyumba zimatsekedwa kuyambira m'mawa kufikira masana. M'dzinja akulu ndi ana ali kumunda, m'cirimwe ali kudimba. Kumapeto kwa February khamu la anthu limapita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo kumapeto kwa August lina limapita ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete. Banja lanzeru silicoka lonse popanda kusiya mau kwa mnansi wokhulupirika, ndipo silisiya kiyi pansi pa mwala wa pakhomo, m'denga la khonde kapena pansi pa mtondo, pakuti malo amenewa ndiwo oyamba kufufuzidwa.

CITSEKO, MAZENERA NDI NDALAMA

Anthu ambiri amagula maloko a mtengo wapatali nkuwakoloweka pa citseko cofumbwa ndi ciswe. Mbala silimbana ndi loko. Imazula kacitsulo kokolowekapo lokoyo ngati kanakhomedwa ndi misomali yaifupi. Kacitsulo kameneka kayenera kumangidwa ndi mabauti opyola thabwa, omangira mkati mwa nyumba. Mphuthu nayo ikhale yolowa bwino m'khoma. Usiku, mpiringidzo wa mtengo wolimba wopingasa mkati ugwira citseko kupambana maloko awiri.

Mazenera afunika zitsulo zopingasa, koma m'cipinda cogona pakhale njira yoturukira msanga moto ukabuka. Makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi makwerero siziyenera kugona panja, cifukwa ndizo zida zimene kawalala aboolera nazo khoma la zidina zosaocha. Sola yoikidwa pa denga imangidwe ndi mabauti, ndipo njinga igone m'nyumba. Galu wodyetsedwa bwino ndi nkhanga zogona pafupi ndi khola ndi alonda osafuna malipiro.

Ndalama za zokolola siziyenera kugona pansi pa mphasa, m'cikopa kapena m'nkhokwe. Kuonjezera pa mbala, kumeneko kuli makoswe, ciswe ndi moto. Malo ake ndi ku banki kapena m'foni, ndipo nambala yacinsinsi yoturutsira ndalamazo isauzidwe kwa munthu aliyense, ngakhale woimba foni wodzicha kuti ndi wanchito wa kampani.

Zonsezi zimacedwetsa mbala ndi kuibweza nthawi zambiri, koma palibe citseko cimene sicingathyoledwe. Kawalala akalowa ndithu, nkhani imatsala pa umboni.

ZOLEMBA M'KABUKU

Kabuku ka katundu sikafuna munthu wophunzira kwambiri. Mwana wa Giredi 7 akhoza kukalemba bwino makolo ake ali kumuuza. Cinthu ciriconse ca mtengo cipatsidwe mizere yake, ndipo palembedwe dzina lake, kampani imene inacipanga, maonekedwe ake, tsiku ndi malo amene cinagulidwa, mtengo wake, ndi nambala yake ngati ciri nayo.

Nambala imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse, pakuti zinthu ziwiri zikhoza kufanana maonekedwe koma nambala zao zimasiyana. Pa njinga zambiri nambala inadindidwa pa citsulo ca felemu, kunsi kwa malo amene mapedulo azungulira, kapena pafupi ndi cishalo. Njinga igadamitsidwe, matope apukutidwe, nambala ioneka. Njinga yamoto iri ndi nambala ziwiri, ya injini ndi ya felemu, ndipo zonse zipezekanso m'buku lake la ku Road Transport and Safety Agency. Pa wailesi, wailesi ya kanema, batire ndi sola nambala ikhala pa kapepala komatidwa kumbuyo kapena kunsi. Makina osokera ali ndi nambala yodindidwa pa citsulo. Foni iriyonse iri ndi nambala ya manambala 15 yochedwa IMEI, imene ioneka munthu akadinda *#06# monga ngati afuna kuimba. Ipezekanso pa kabokosi kamene foniyo inabweramo.

Zinthu zina, monga pulawo, ngolo, wilibala, mpope wopopera mankhwala a thonje, mabulangete ndi mapoto, ziribe nambala. Zimenezi mwini azipatse cizindikiro cake pa malo obisika. Akhoza kudinda ndi msomali ndi nyundo zilembo zoyamba za dzina lake kunsi kwa citsulo, kupaka utoto mkati mwa thabwa la ngolo, kapena kusoka ulusi wa mtundu wina pa ngodya ya bulangete. Pambuyo pake alembe m'kabuku cizindikiroco ndi malo ake. Zipsera nazo ndi umboni wabwino: cogwirira ca pulawo cimene cinaocheredwa ndi wamoto, ciboo ca poto cimene cinamatidwa, sipoko zosiyana pa gudumu lakumbuyo. Munthu wochula cizindikiro cobisika asanaone katundu amakhulupirika pamaso pa wapolisi ndi woweruza.

Lisiti lirilonse la m'sitolo lisungidwe mkati mwa kabuku. Malisiti ambiri a masiku ano amafufutika pakapita miyezi yocepa, motero nambala ndi tsiku zikopedwe ndi bolopeni. Katundu wogula kwa munthu alembedwe pa kalata yosonyeza dzina la wogulitsa, nambala ya citupa cake ca NRC, mtengo, ndi maina a mboni ziwiri. Nyakwawa akasainapo, kalatayo ilemera koposa. Amene ali ndi foni yojambula ajambule katundu yense pamodzi ndi nambala zake, natumize zithunzizo kwa mbale wa kwina, kuti foniyo ikabedwa umboni usapite nayo.

MASAMBA A ZIWETO

M'maboma onga Petauke, Sinda, Katete, Chadiza ndi Lundazi cuma ceniceni ca banja cigona m'khola, cotero ziweto zipatsidwe masamba aoao. Ng'ombe iriyonse ilembedwe dzina lake, ngati ndi yaikazi, nkhunzi kapena mthena, maanga ake, kaimidwe ka nyanga, kadulidwe ka khutu, nambala ya kandolo ka kukhutu ndi cidindo ca pa cikopa. Ikabala, ikagulitsidwa, ikafa kapena ikapita kukasungidwa kwa mbale, zimenezo zilembedwe ndi tsiku lake. Mbuzi ndi nkhumba zilembedwe cimodzimodzi.

Alangizi a za ziweto afotokoza m'mene mlimi angalembetsere cidindo cake ku Boma. Iwo ndiwonso apereka kalata ya cilolezo yosamutsira ng'ombe kucoka dera lina kupita lina, ndipo munthu woyendetsa ng'ombe usiku wopanda kalata yotere ayenera kufunsidwa. Popeza cigawo cino cigundana ndi Malawi ndi Mozambique, ng'ombe kapena njinga yamoto yobedwa madzulo ikhoza kuoloka malire pa njira za m'thengo kusanace. Mwini amene afika ku polisi m'mamawa ndi maonekedwe onse olembedwa apatsa apolisi mwai wotumiza mau msanga ku Mwami, ku Chanida ndi ku mapolisi ena.

Kabukuka kasakhale m'sutukesi imodzi ndi ndalama, cifukwa sutukesi ndiyo iyamba kunyamulidwa. Kakulungidwe m'pulasitiki ndi kuikidwa m'citini cotseka, kutali ndi ciswe ndi mvula yodontha. Kabuku kaciwiri kofanana nako kasungidwe kwa munthu wokhulupirika wa nyumba ina. Mwamuna ndi mkazi onse adziwe kumene kali, ndipo caka ciriconse malonda a zokolola akatha, banja likhale pansi kuonjezeramo zatsopano.

NYUMBA IKATHYOLEDWA

Munthu akapeza citseko ciri cothyoka, mtima umamuuza kulowa ndi kuyamba kugwiragwira zinthu. Kutero kumaononga umboni. Pabwalo pasasesedwe, mapazi ndi mikwingwirima ya matayala zivundikiridwe ndi beseni kapena lichero, ndipo citsulo cimene mbala yasiya cisakhudzidwe. Nyakwawa ndi a gulu la citetezo la m'mudzi, lochedwa Community Crime Prevention Unit, auzidwe nthawi yomweyo, ndipo mau apite ku polisi yapafupi kapena pa foni ya 991. Ku polisi dandaulo limalembedwa m'buku lao lalikulu la zocitika; wodandaula apemphe nambala ya dandaulo lake nailembe m'kabuku kake, kuti pobwera kudzafunsa asayambirenso nkhani pa ciyambi.

Katundu akapezeka, nthawi zina amasungidwa ndi apolisi kufikira mlandu utaweruzidwa, pakuti ayenera kuonetsedwa m'bwalo la majisitireti. Mwini asatope kupita kukacitira umboni, cifukwa mboni zikasowa mbala imamasulidwa nibwerera kumudzi komweko.

Pali njira ziwiri zimene zaika anthu osalakwa m'mavuto. Yoyamba ndiyo kupita kwa woombeza kuti achule wakuba. Mau a woombeza sali umboni m'bwalo, ndipo asiya udani pakati pa abale kwa zaka zambiri. Yaciwiri ndiyo kumenya munthu wogwidwa. Khamu likapha kapena kupweteka woganiziridwa, amene anaberedwa ndi anansi ake asanduka oimbidwa mlandu waukulu kupambana wakuba uja. Wogwidwa aperekedwe kwa apolisi ali wamoyo ndi wosapwetekedwa.

OGULA NAONSO ALI NDI MLANDU

Lamulo la milandu la dziko la Zambia, Penal Code, Mutu 87, linena kuti wothyola nyumba yokhalamo anthu masana akhoza kumangidwa zaka 7, ndipo wothyola usiku zaka 10. Lamulo lomweli limanganso munthu wolandira kapena kusunga katundu ali kudziwa, kapena ali ndi cifukwa coganizira, kuti ndi wakuba. Mbala ikadasowa wogula ikadaleka nchito yake. Munthu wobwera madzulo ndi sola kapena foni ya mtengo wotsika modabwitsa, wopanda lisiti ndiponso wokana kuonetsa citupa cake, abweretsa unyolo pakhomo pa wogulayo.

Kabuku ka katundu kathandizanso pa tsoka lina. Nyumba ikapsa, banja lidziwa bwino zimene zatayika. Mwini nyumba akamwalira, mkazi wamasiye ndi ana akhala ndi colozapo pamene abale ena afuna kulanda cuma, khalidwe limene lamulo la Intestate Succession Act la 1989 liletsa.

Mutu umodzi susenza denga. Nyakwawa, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi a makopaletivu akhoza kuthandiza mabanja osadziwa kulemba, ndipo ana a sukulu akhoza kuigwira nchitoyi pa Ciweru cimodzi. Banja lirilonse limene lipita ku sitolo ndi ndalama za zokolola za caka cino likumbukire kuonjezera kabuku ndi bolopeni pa zogula zake, ndipo njinga yatsopano igadamitsidwe ndi kulembedwa nambala tsiku lomwelo isanayende ulendo wake woyamba.