Chitseko chikakana kutseka, mlandu suli pa mahinjesi

Ku Chigwa cha Shire kuli dandaulo limene limayenda ndi nyengo. Mu October, pamene kutentha ku Ngabu ndi ku Nchalo kumafika madigiri 40, chitseko chatsopano chimasiya mpata m'mbali, fumbi ndi udzudzu n'kumalowa ngati kwawo. Mvula ikangoyamba, chitseko chomwe chija chimafufuma, mwini nyumba n'kumachita kuchigunda ndi phewa kuti chitseke. Ambiri amathamangira kogula mahinjesi ena, ena amanena womanga kuti anaimika felemu mopendekeka. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri mlandu unapalamulidwa kale, tsiku limene thabwa linadutsa pa makina opalira.

Makina amenewa mumawadziwa ndi kulira kwake. M'malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa Dyeratu kutsika mpaka ku Bangula ndi ku Nsanje, komwe magetsi a ESCOM anafika, kalipentala amene alibe makina amamanga matabwa pa njinga n'kupita nawo kwa mnzake amene ali nawo, n'kulipira pa thabwa lililonse. Amisiri amangoti pulena. Mukafuna kuonera ntchito yake pa YouTube, a ku America amawatcha jointer, a ku Britain amati surface planer.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Pali matebulo awiri achitsulo, ndipo pakati pawo pali chitsulo chobulungira chokhala ndi mipeni iwiri, itatu kapena inayi. Tebulo lolandira thabwa likadutsa pamipeni limakhala lofanana msinkhu ndi nsonga za mipeniyo. Tebulo lolowetsera limatsitsidwa pang'ono, ndipo kusiyana kwa matebulo awiriwo ndiko kuchuluka kwa thabwa limene lidyedwe pa ulendo umodzi. M'mbali muli chitsulo choimirira chimene thabwa limatsamira, amisiri amati fensi. Pamwamba pa mipeni payenera kukhala chophimba, gadi. Mawu oti "payenera" amenewa muwasunge, tiwapeza kutsogoloku.

Anthu ambiri amasokoneza pulena ndi makina ena amene amameza thabwa mbali ino n'kulilavula mbali inayo, otchedwa thicknesser. Amenewo ntchito yawo n'kufananitsa kuchindikala basi. Mukalowetsamo thabwa lopindika ngati uta, lituluka losalala bwino, lonyezimira, koma lopindikabe. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amayamba wawongola nkhope imodzi pa pulena, kenako m'mphepete mumodzi atatsamiritsa nkhope yowongokayo ku fensi, ndipo akatero m'pamene amapita ku thicknesser. Amene amalumpha gawo loyambali pofuna kusunga ndalama kapena nthawi ndi amene amakugulitsani felemu yopotoka.

Kuwongola thabwa kuli ndi ulemu wake. Mbali yolowa m'kati ngati mbale ndiyo imayang'ana pansi, kuti thabwa likhale pa mapeto awiri osagwedera. Mmisiri amachotsa milimita imodzi kapena awiri pa ulendo, osapitirira. Ndipo apa m'pamene ophunzira ambiri amalakwitsa: amatsindira thabwa ndi mphamvu zonse pakati. Likatsindiridwa limawongoka kwa kanthawi, mipeni n'kupala paliponse mofanana, ndiye mukangochotsa dzanja limabwerera m'mene linalili. Mphamvu imafunika yongokwanira kuti thabwa lisadumphe, ndipo gawo lakutsogolo likangofika pa tebulo lolandira, kutsindira konse kumasamukira kumeneko. Mitsempha ya thabwa nayonso ili ndi kolowera. Mukaitsutsa, mipeni imazula timapande m'malo mopala, makamaka pa mbawa imene mitsempha yake imapingasana. Mmisiri akamva thabwa likulira mosweka amalitembenuza, mutu kukhala kumiyendo.

Komatu makina sangakonze thabwa laliwisi. Mtengo umayamba kukhwinyata madzi a m'kati mwake akatsika kupyola pa 30 peresenti, ndipo thabwa la chitseko kapena mpando limafuna kufika cha m'ma 12 peresenti. Kukhwinyatako sikofanana mbali zonse: motsata mizere yozungulira ya mtengo kumakhala pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kochokera pamtima kupita ku khungwa. N'chimene chimapinda thabwa. Mukalipala likadali ndi madzi, lero lioneka ngati galasi, koma pakatha masabata atatu a dzuwa la ku Chikwawa lapindikanso, rebate imene munadula mowongoka yasanduka njira ya njoka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Paini wochokera kumtunda, amene amatsika phiri pa lole kuchokera ku Blantyre, amafika m'dera lotentha kuposa kumene anachekedwa, choncho amafunika kupuma kaye pamthunzi, atasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Kuwayanika pa dzuwa la masana kumangowang'ambula m'mapeto.

Zaka zapitazi zawonjezera vuto lina. Madzi a Cyclone Idai mu 2019, Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 anagwetsa nyumba zambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo pomanganso, anthu amatola chilichonse chimene chinatsala: zitseko, mafelemu, mitanda ya denga. Kugwiritsanso ntchito matabwa akale n'kwanzeru ndithu. Koma thabwa lomwe linagona m'matope limakhala ndi mchenga m'ming'alu, ndipo mchenga umabunthitsa mipeni mofulumira. Msomali wothyokera m'kati ndiye woopsa koposa, chifukwa umabenthula mpeni ndipo kachidutswa kake kamatha kuuluka. Mpeni wobenthuka mumaudziwa ndi kamzere kotukuka kamene kamasiya pa thabwa lililonse lotsatira. Thabwa lakale lisanakwere pa makina lifunika kutsukidwa ndi bulashi yawaya, liume, kenako lifufuzidwe, ngakhale ndi maginito a sipika yakale.

Mkuntho wa Ana unawononganso damu la Kapichira, m'boma lomweli la Chikwawa, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Aliyense amene anali ndi makina nthawi imeneyo akudziwa chizolowezi chimene kuzimazima kwa magetsi kunabweretsa: akangoyaka, ntchito ya tsiku lonse iyenera kutha m'maola ochepa, makasitomala atandanda ndi matabwa awo. Chizolowezi chothamanga chimenecho sichimatha msanga, ndipo pamene chimapweteka kwambiri ndi pa rebate.

Rebate ndi kasitepe kodulidwa m'mphepete mwa thabwa. Tayang'anani felemu ya chitseko cha chipinda chimene mulimo: pamene chitseko chimakagunda potseka, ndi pamenepo. Pa felemu ya chitseko kasitepeko kamalowa mamilimita 12 kapena 13, ndipo m'lifupi mwake mumafanana ndi kuchindikala kwa chitsekocho, cha m'ma 40. Pa zenera m'momwe mumakhala galasi, kumbuyo kwa kabati m'momwe mumabisala pulayiwudi. Kakakhala kosaya, chitseko chimatulukira kunja ndipo loko sagwirizana ndi bowo lake. Kakazama mbali imodzi, pamakhala mpata wa udzudzu uja.

Ma pulena ambiri akale ali ndi kashelefu kotuluka m'mbali mwa tebulo lolowetsera, kopangidwira ntchito imeneyi. Mmisiri amakokera fensi kufupi ndi mapeto a mipeni, n'kusiya mpata wofanana ndi m'lifupi mwa rebate. Akatero amadutsitsa thabwa, kutsitsa tebulo pang'ono, kudutsitsanso, mpaka kuya kutakwana. Mipeni yonse iyenera kutulukira mofanana ku mapeto kwake, apo ayi khoma la rebate limatuluka ndi masitepe ang'onoang'ono. Mamilimita 12 pa paini ndi maulendo anayi kapena asanu. Pa mlombwa kapena mbawa, ochulukirapo. Wothamanga amafuna kumaliza ndi ulendo umodzi kapena iwiri, ndipo ndi pamene mipeni imaluma kwambiri n'kukankhira thabwa kumbuyo mwamphamvu. Thabwa likachoka mwadzidzidzi, dzanja limene limalikankha limapitirira ulendo wake.

Tsopano tibwerere ku gadi uja. Kuti rebate idulidwe pa makina ambiri otere, gadi amachotsedwa chifukwa amatchinga njira. Werengani nokha: mipeni itatu yozungulira maulendo 5,000 pa mphindi imamenya ka 250 pa sekondi imodzi. Macheka akadula chala, nthawi zina madokotala amatha kuchilumikiza. Pulena sadula, amapala, ndipo sipakhala cholumikiza. N'chifukwa chake ku Ulaya makina atsopano amapangidwa mwanjira yoti rebate isathe kudulidwa ku mapeto kwa mipeni, ntchitoyo n'kusiyira makina ena okhala ndi zotchinga zake. Kuno timagula makina akale omwe kwinako anawasiya, ena anafika opanda gadi n'komwe, ena gadi anachotsedwa tsiku la rebate loyamba ndipo mpaka lero ali pansi pa utuchi. Mwa maganizo anga, ichi ndiye choipa kuposa rebate yeniyeniyo: ntchito ya mphindi khumi imasiya mipeni ili pamtetete chaka chonse.

Njira zina zilipo, ndipo si zamanyazi ayi. Puleni yapamanja ya rebate, monga Stanley No. 78 imene amisiri akale ankasunga m'bokosi, imadula kasitepe kaukhondo pa paini popanda magetsi. Amene ali ndi router angagwiritse ntchito imeneyo. Yosavuta koposa n'kusadula rebate n'komwe: felemu isiyidwe yathunthu, chitseko chipachikidwe, kenako kathabwa kopyapyala ka mamilimita 12 kamatidwe ndi guluu n'kukhomeredwa motsata chitsekocho. Pa zitseko za m'kati mwa nyumba njira imeneyi ndi yabwino, ndipo ili ndi phindu lina kuno kotentha: chitseko chikapotoka pang'ono, mumangozula kathabwako n'kukasuntha. Pa chitseko chakunja rebate yodula ndiyo yolimba, chifukwa wakuba atha kukanganula kathabwa kokhomera.

Kwa mnyamata kapena mtsikana amene akuphunzira ntchitoyi, kaya kudzera ku TEVETA kaya pansi pa mtengo wa nimu kwa amalume, pali zinthu zimene sizifuna ndalama. Thabwa lalifupi kuposa masentimita 30 lisapite pa pulena. Dzanja lisadutse pamwamba pa mipeni. Pangani chokankhira kuchokera ku chidutswa cha thabwa, chokhala ndi chogwirira pamwamba ndi kachidendene kumbuyo kokoka thabwa. Magolovesi ndi malaya a manja olendewera amakodwa, ndiye n'kwabwino kuwavula. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, thimitsani switch nthawi yomweyo, chifukwa makina ena akale amadzuka okha magetsi akabwera, mwina wina akuchotsa utuchi ndi zala. Ndipo kufunsa kuti, "Abwana, gadi uja tingabwezeretse?" si mwano. Akakana kawiri katatu, ganizirani bwino ngati m'pomwe mukufuna kuphunzirira.

Nanga inu amene mukungogula? Musachite manyazi kutenga mbali ya felemu n'kuiyang'ana ndi diso limodzi kuchokera kumapeto, ngati mukuloza mfuti. Kupindika kumaonekera pomwepo. Kupotoka kumafuna timitengo tiwiri towongoka: ikani kamodzi kumapeto kuno, kena uko, n'kuwerama, tikapanda kugona mofanana, thabwalo ndi lopotoka. Likhudzeni: lozizira m'manja komanso lolemera kuposa anzake likadali ndi madzi. Funsaninso kumene mtengowo unachokera, makamaka wina akakutsatsani tsanya motchipa. Mu 2016 anthu 35 anagwidwa akudula tsanya mu Lengwe National Park, ndipo thabwa lopanda chilolezo likapezeka panyumba panu, mafunso a anthu a zankhalango adzayankha ndinu.

Chitseko chikamapachikidwa m'chilimwe, uzani mmisiri asiye mpata wa mamilimita atatu m'mbali ndi pamwamba, malo oti chidzafufumire mu January. Popaka penti kapena vanishi asaiwale m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi, mosaoneka muja, chifukwa chinyezi chimalowera kumeneko. Ngati felemu ndi yamatabwa, mbali yokhudza njerwa ipakidwe mankhwala a chiswe isanalowe m'khoma.