Dzina likatuluka, akagona pati?

Inu makolo, tiyeni tikambirane za mwana wamkazi amene wasankhidwa kupita kuyunivesite. Tsiku lomwe dzina latuluka pakhomo pamamveka nthungululu, nkhuku imafa. Koma ndi angati mwa ife amene timafunsa kuti kodi mwanayu akagona pati, nanga azikadya chiyani?

Pa pepala zinthu zili bwino. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati mwa ophunzira 100 alionse olowa m'sukulu zaukachenjede, akazi kapena amuna asachepere 40. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira nalo lilipo kuyambira 2015. Koma lamulo silipereka bedi.

Ife tikuphunzira unamwino tinkagona m'hositelo, chakudya kukafiteriya, matironi akutiwerenga madzulo ngati nkhuku zolowa m'khola. Tinkang'ung'udza, komabe tinali otetezeka. Lero ophunzira achuluka kuposa malo ogona. Ku Zomba ambiri amachita lendi ku Chikanda, a ku Mzuzu ku Luwinga.

Mnyamata amapanikizana ndi anzake m'kachipinda, nabwera usiku nthawi yomwe wafuna. Nanga mtsikana akatuluka mu laibulale 10 koloko, adutsa bwanji mumdima yekha? Amatseka mabuku dzuwa likangolowa. Ndiye pali lendi, makala, sopo, mapadi mwezi ndi mwezi, ndalama ya ngongole nayo nthawi zina imachedwa. Akaimba foni kunyumba timamuyankha kuti "pirira, tikagulitsa soya." Apatu ndi pomwe amalowera azibambo a magalimoto aja, ena amsinkhu wa bambo ake enieni. Sayamba ndi zambiri ayi, amayamba ndi mayunitsi ndi chipisi.

Mathero ake ndawaona ndi maso angawa m'wodi ya amayi: mtsikana wanzeru, chaka chachiwiri, atataya magazi ambiri pochotsa mimba mobisa. Chimene ankaopa kwambiri sichinali imfa, koma mayi ake kumva.

Amayi anzanga, kulangiza mwana kuti "udzisunge" basi sikokwanira. Muuzeni poyera kuti akagwiriridwa kapena akagona ndi munthu mosadziteteza, athamangire kuchipatala asanathe maola 72. Kuli mankhwala a PEP oteteza ku HIV komanso mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi, ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa. Muuzeninso kuti mphunzitsi wofuna thupi lake kuti amukhozetse mayeso akupalamula mlandu pa lamulo lomwelija la 2013. Asafufute mauthenga a pafoni, ndi umboni.

Mimba ikachitika, musamuthamangitsire ku banja. Apite ku ofesi yoona za ophunzira akapemphe kuimitsa kaye maphunziro, mwana mumulere inu agogo, iye adzabwerere.

Ndipo asananyamuke, mmodzi wa inu amuperekeze, akaone chipindacho. Muone ngati chitseko chili ndi loko, madzi akatunga kuti, ndipo mutenge nambala ya mwini nyumba.