Hawaii, Cisumbu ca Mapiri a Moto

Ana okondedwa pamodzi ndi aphunzitsi anu, lero tilikusiya dziko lathu lopanda nyanja ya mcere, ndipo tilikupita pakati peni-peni pa nyanja yaikulu ya Pacific. Tambasulani mapu a dziko lonse lapansi, muloze kumadzulo kwa America. Mudzaona timadontho tondandalika pamadzi. Izo ndizo zisumbu za Hawaii, zimene ziri cigawo cimodzi ca dziko la United States of America.

Monga momwe cigawo cathu ca kum'mawa ciri ndi maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi ena, cigawo ca Hawaii naco cinagawidwa m'maboma. Tidzaphunzira za boma limodzi lokha, limene liri cisumbu cacikulu koposa zonse. Dzina lace ndi Hawaii, lomwe ndilo dzina la cigawo conse, ndipo likulu lace ndi mzinda wa Hilo. Ukulu wa cisumbuci ndi masikweya kilomita 10,430, ndiko kunena kuti nyanja ya Mweru ingalowemo pafupi-fupi kawiri. Powerenga anthu m'caka ca 2020, anapeza kuti mukhala anthu oposa 200,000.

Pomvetsera, gwirani mfundo imodzi iyi: moyo wonse wa pa cisumbuci udalira mapiri ace. Ndiwo anacipanga, ndiwo agawa mvula, ndiwo apatsa nthaka, ndiponso nthawi zina ndiwo aononga.

Cisumbuci cinapangidwa ndi mapiri asanu ophulika: Kohala, Mauna Kea, Hualalai, Mauna Loa ndi Kilauea. Miyala yosungunuka ndi moto, imene tiicha ciphalaphala, inali kutuluka pansi pa nyanja ndi kuuma, kutulukanso ndi kuuma, kufikira mulu wace unaonekera pamwamba pa madzi. Mauna Kea ndilo lalitali koposa, mamita 4,207 kucokera pa nyanja. Pamwamba pace pazizira kotero kuti pamagwa cipale cofewa, cinkana dzikolo liri lotentha.

Tsopano taonani za mvula. Mphepo yonyamula cinyezi iomba kucokera kumpoto cakum'mawa. Ikafika pa mapiri ikwera, izizira, nigwetsa mvula. Cifukwa cace mzinda wa Hilo ulandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pa caka, pamene Lusaka alandira pafupi-fupi 800. Ikatsikira kuseri kwa mapiri, mphepoyo ikhala itauma, ndipo madera ena a kumadzulo aoneka ngati cipululu.

Anthu oyamba kufika kumeneko anali a mtundu wa Polynesia. Anadza pa mabwato aakulu zaka pafupi-fupi 1,000 zapitazo, potsata nyenyezi, mafunde ndi mbalame. M'mabwatomo anatenga nzimbe, nthoci, nkhumba, nkhuku ndi agalu. Mngelezi James Cook anafika ku zisumbuzi m'caka ca 1778, ndipo anaphedwa pa dooko la Kealakekua mu 1779 atakangana ndi eni dziko. Mfumu Kamehameha, mbadwa ya ku Kohala, inagwirizanitsa zisumbu zonse mu ufumu umodzi pofika 1810. Koma mu 1893 anthu acuma ocokera kunja anacotsa Mfumukazi Liliuokalani pampando, ndipo mu 1898 dziko la America linatenga zisumbuzo. Boma la Hawaii linakhazikitsidwa mu 1905, ndipo mu 1959 zisumbu zonse zinakhala cigawo ca 50 ca United States.

Nanga anthu apeza bwanji ndalama? Ciphalaphala cikauma ndi kufumbutuka kwa zaka zambiri, cisanduka nthaka yaconde. Ku mbali yamvula, azungu anatsegula minda yaikulu ya nzimbe yonga ya ku Nakambala, ku Mazabuka. Anaitana anchito kucokera ku China, Japan, Portugal ndi Philippines, ndipo zidzukulu zao zikali komweko. Kwa zaka zoposa 100 shuga ndiye anali mwini cuma. Koma maiko ena anayamba kupanga shuga pa mtengo wotsika, minda inayamba kutsekedwa umodzi-umodzi, ndipo wotsiriza unatsekedwa mu 1996. Mabanja ambiri amene sanadziwe nchito yina anasowa pogwira.

Cimene cinathandiza n'cakuti cisumbuci cinali ndi zina. Pa matsitso a mapiri ku Kona alima khofi, amene anabzalidwa koyamba mu 1828. Khofiyo akonda dzuwa la m'mawa ndi mitambo ya masana, ndipo agulitsidwa pa mtengo wokwera. Alimanso mapapaya, maluwa ndi mtedza wa macadamia. Ku msipu wa kumpoto kuli famu ya ng'ombe ya Parker Ranch, imene inayamba mu 1847. Pamwamba pa Mauna Kea pali makina aakulu oonera nyenyezi, ngakhale eni dziko ambiri adandaula nao, pakuti phirilo kwa iwo ndi malo opatulika. Koma ndalama zambiri zicokera kwa alendo odzaona malo, makamaka malo osungidwa a Hawaii Volcanoes National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1916. Alendo akacepa, cuma cigwedezeka, pakuti cakudya cambiri cifika pa zombo kucokera kutali.

Mapiri omwewo adzetsanso misozi. Mu 2018 ciphalaphala ca Kilauea cinakwirira nyumba zoposa 700, ndipo Mauna Loa, limene linali cete kuyambira 1984, linaphulikanso mu 2022. Nyanja nayo iri ndi zoopsa zace. Mu 1960 cibvomezi ca ku Chile cinautsa mafunde aakulu ochedwa tsunami, amene anapha anthu 61 mu Hilo. Pambuyo pace anthu analeka kumanga nyumba pa malo ena a m'mbali mwa nyanja, nawasandutsa mabwalo opumulirapo.

Nchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, thandizani ana kujambula phiri, mphepo ndi mitambo, ndipo asonyeze mbali yamvula ndi mbali youma. Atatero ayankhe mafunso awa:

1. Cifukwa ninji Hilo alandira mvula yambiri?
2. Kodi cinacitika n'ciani kwa anthu pamene minda ya nzimbe inatsekedwa?
3. M'boma lanu anthu adalira mbeu kapena nchito yanji? Itati yalephera, angagwire ciani?

Tsalani bwino, ana inu, kufikira phunziro lotsatira.