Kodi mphunzitsi aimitse liti ndewu ya MMA?

M'masewero a MMA, omwe amaphatikiza nkhonya, mateche ndi kulimbana, woyimbira ndi amene ali ndi mphamvu zoimitsa ndewu, ndipo amamveranso uphungu wa dokotala. Komabe pakona pa womenya aliyense pamakhala aphunzitsi ake, omwe angathe kunena kuti munthu wawo asapitirize. Nthawi yoyenera kuchita zimenezi ndiyo nkhani imene anthu amasiyana maganizo.

Ndewu wamba imakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 5 chilichonse, pamene yolimbirana lamba imakhala ndi zigawo 5. Pakati pa zigawozi pamakhala mphindi imodzi yopuma. M'mphindi imeneyi ndi momwe mphunzitsi amaona maso a womenya wake ndi kumva ngati akuyankha bwino.

Mkanganowu unakula mu May 2018 ku Rio de Janeiro, pamene Raquel Pennington anauza aphunzitsi ake kuti zamukwana, chigawo chachinayi chitatha. Iwo anamulimbikitsa kubwerera, ndipo Amanda Nunes anamugonjetsa m'chigawo chachisanu, magazi ali chuchuchu. Mu May 2020 ku Jacksonville, Anthony Smith anaguluka mano pomenyana ndi Glover Teixeira, koma aphunzitsi ake anamusiya mpaka woyimbira anaimitsa ndewuyo m'chigawo chomaliza.

Chodabwitsa n'chakuti Pennington ndi Smith, onse awiri, anaikira kumbuyo aphunzitsi awo pambuyo pake. Apa ndi pamene pagona mfundo ya otsutsa kuimitsa ndewu. Iwo amati womenya ndi munthu wamkulu amene anavomera yekha kulowa m'bwalo, ndipo mu MMA chibakera chimodzi kapena kupana pakhosi kungasinthe zinthu mwadzidzidzi. Palinso nkhani ya ndalama: m'makontrakiti ambiri a UFC womenya amalandira gawo lina chifukwa chomenya ndi gawo lina akapambana, ndipo nthawi zambiri mphunzitsi amapatsidwa kachigawo ka ndalamazo. Choncho kuimitsa ndewu kumakhudza thumba la onse awiri.

Komano kulimba mtima kwa womenya ndi kumene kumafuna munthu womuteteza. Amene wamenyedwa kwambiri m'mutu saganiza bwino, ndipo sangadziwe kukula kwa ngozi yake. Madokotala amachenjeza kuti kumenyedwa m'mutu mobwerezabwereza kumawononga ubongo, ndipo zizindikiro monga kuiwalaiwala ndi kulankhula movutikira zimaoneka patapita zaka. Woyimbira amaweruza zimene akuona panthawiyo, pamene mphunzitsi wakhala ndi munthuyo miyezi yambiri ndipo amadziwa ngati wasintha.

Alipo aphunzitsi amene analimba mtima. Mu 2000 ku Tokyo, Rorion Gracie anaponya thaulo m'bwalo mng'ono wake Royce atamenyana ndi Kazushi Sakuraba kwa mphindi 90. Mu 2015 ku Mexico City, Trevor Wittman anaimitsa ndewu ya Nate Marquardt chigawo chachiwiri chitatha, ndipo Marquardt anadzamenyanso ndewu zina n'kupambana. Mu 2018 Duke Roufus anachita chimodzimodzi Anthony Pettis atathyoka dzanja pomenyana ndi Tony Ferguson.

Zitsanzozi zikusonyeza malire amene angatsatidwe. Kugonja pa mapointi pakokha si chifukwa choimitsira ndewu. Koma womenya akalephera kudziteteza, akavulala kotero kuti njira yopambanira yatsekeka, kapena akanena yekha kuti zamukwana, udindo wa mphunzitsi ndi kuimitsa. Ndi bwinonso kuti awiriwa agwirizane za malirewo ali kokonzekera, ndewu isanayambe.