Mutu umodzi susenza denga: phunziro la oyimba rege

Munthu akamayenda mu msika wa ku Milange kapena akawoloka mtsinje wa Muloza kupita ku Limbuli, sangathe tsiku asanamve nyimbo ya chamba cha rege ikulira pa wailesi ya wogulitsa kaunjika kapena pa foni ya mnyamata wa kabaza. Nyimbo sifunsidwa chiphaso pa chipata. Ambiri a ife tidazizolowera pa nthawi ya nkhondo, pamene tidathawira ku Malawi, ndipo mtendere utabwera mu 1992 tidabwerera nazo kumudzi pamodzi ndi mapoto ndi mphasa.

Koma kodi n'chifukwa chiyani nyimbozi sizikufa pamene ena mwa eni ake adatisiya kale? Yankho lake ndi lakuti oyimbawa sadayimbe okhaokha.

Taonani malemu Lucius Banda wa ku Balaka, amene anthu adamutcha "Soldier" chifukwa cholankhulira amphawi. Iye adaphunzira luso mu gulu la Alleluya Band pansi pa mkulu wake Paul Banda. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chidatuluka pa nyengo imene Malawi amachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo nyimbo ya Mabala idakumbutsa anthu za zowawa zimene ankaopa kuzitchula poyera. Atakhazikitsa Zembani Band, sadaumire nsanja. Oyimba monga Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro adadutsa m'manja mwake asanadziyimire paokha. Pamene Soldier adamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa, adasiya anthu ambiri odziwa kugwira gitala ndi kunena chilungamo.

Nkhani ya Evison Matafale wa ku Chileka ndi yowawa kwambiri. Iye anali wa chikhulupiriro cha Rasta, ndipo zimbale zake ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, zidagwedeza dziko. Mu November 2001 adamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma, ndipo pa 27 mwezi womwewo adamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Akuluakulu adati adafa ndi matenda, koma anthu ambiri sadakhutire ndi yankholi.

Akadakhala kuti ankayimba yekha, bwenzi mawu ake atakwiriridwa naye. Koma abale ake a banja la Fumulani, ana a woyimba wakale Robert Fumulani, adatola ng'oma ndi magitala napitiriza gulu la Black Missionaries. Musamude Fumulani atamwalira mu 2007, Anjiru adatsogolera. Zimbale za Kuimba zidapitirira mpaka kudutsa nambala 10, ndipo chikumbutso cha Matafale ku Chileka chidasanduka mwambo wosonkhanitsa oyimba osiyanasiyana pa nsanja imodzi.

Izi sizachilendo mu rege. Mu April 1980 Bob Marley adachoka kutali kudzayimba pa bwalo la Rufaro pa tsiku la ufulu wa Zimbabwe, dziko limene ife a Mozambique tidalithandiza pa nkhondo yake. Kwathu konkuno, ngakhale chamba chake chinali china, Azagaia atamwalira mu March 2023 achinyamata adadzaza misewu ya Maputo akuyimba nyimbo zake.

Nanga kuno kunsi kwa phiri la Tumbine? Tili ndi anyamata ndi atsikana a mawu abwino m'makwaya ndi m'midzi, ena oyimba Chichewa, ena Chilomwe. Nkhani zoyimba ziliponso: chimanga ndi nandolo zogulidwa motchipa, misewu yoduka nthawi ya dzinja, ana aakazi okwatiwa asanamalize sukulu. Chimene chimavuta n'chakuti aliyense amafuna dzina lake lokha limveke.

Achinyamata inu, wina akhale ndi gitala, wina ng'oma, wina mawu, mukumane. Woyimba mmodzi angathe kuopsezedwa n'kukhala chete, koma nyimbo imene mudzi wonse waphunzira palibe angayitsekere m'chitokosi.